Kompyuta ya magemu yayamba kuchedwa mwadzidzidzi: mafunso ndi mayankho

Kompyuta imene dzulo imathamanga bwinobwino singangofooka lero popanda chifukwa. Kukalamba kwa zipangizo kumabwera pang'onopang'ono, kwa zaka. Kuchedwa kwadzidzidzi kumasonyeza kuti china chake chasintha, kapena chipangizo china chayamba kudzibweza chokha pofuna kudziteteza. Mayankho ali m'munsiwa ndi a makompyuta omanga nokha, oyendera Windows 10 kapena Windows 11, ndipo onse akutsamira pa mfundo imodzi: yezani kaye musanagule kanthu.

Ndiyambire pati ndisanamasule sikuluwu ngakhale imodzi?

Yambani ndi kufufuza chimene chasintha. Ambiri amati "sindinakhudze chilichonse", koma Windows imasunga mbiri yake. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani perfmon /rel, kenako Enter. Mutsegula Reliability Monitor, imene imandandalika tsiku ndi tsiku mapulogalamu amene analowa, ma update, ma driver atsopano (timapulogalamu toyendetsa zipangizo) ndi mapulogalamu amene anagwa. Pezani tsiku limene vuto linayamba, muone zimene zinachitika tsikulo ndi dzulo lake.

Palinso zimene Windows singalembe, zofunika kuzikumbukira nokha: kusuntha bokosi la kompyuta, kupukuta fumbi, kuzima kwa magetsi kompyuta ili pakati pa ntchito, chipangizo chatsopano cha USB, kapena update ya gemuyo.

Kenako chitani Restart, osati Shut down. Fast Startup ikakhala yoyatsidwa, Shut down imasunga ma driver pa diski mmene analili n'kuwadzutsa momwemo, ndiye driver yosokonezeka imabwereranso yosokonezeka. Restart ndi imene imayamba zonse mwatsopano.

Kuyambira pamenepo muzisintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi, n'kuyesa pa malo omwewo a gemu yomweyo, n'kulemba FPS, chiwerengero cha zithunzi zimene gemu ikuonetsa pa sekondi. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi vuto n'kutha, simudziwa chimene chinathandiza, ndipo likadzabweranso mudzayambanso pachiyambi.

Kuchedwa n'kuchedwa basi. Pali kusiyana kotani?

Kusiyana kulipo, ndipo ndi kumene kumakulozerani koyang'ana. FPS ikatsika n'kukhala yotsika nthawi yonse, monga kuchoka pa 140 kufika pa 55, kaikirani kutentha, mphamvu ya magetsi, RAM (memory ya kompyuta) kapena GPU (khadi yojambula zithunzi). FPS ikamaoneka yabwino koma chithunzi n'kumadodoma kamphindi kenako n'kupitirira, vuto limakhala pa VRAM (memory ya pa GPU), diski, driver kapena pulogalamu ina imene ikugwira ntchito kuseri. Chithunzi chikamayenda mosalala koma osewera anzanu n'kumadumphadumpha kapena zipolopolo kumachedwa kuwerengedwa, imeneyo ndi intaneti. Ndipo ngati ngakhale kutsegula foda kukutenga masekondi angapo, gemu ilibe mlandu. Yang'anani diski ndi liwiro la CPU (purosesa).

Nthawi imene kuchedwako kumayamba imanenanso zambiri. Gemu ikayamba bwino n'kufooka patapita mphindi 5 mpaka 15, kawirikawiri kumakhala kutentha. Ikakhala yochedwa kuyambira sekondi yoyamba, ganizirani za BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yosunga makonzedwe a zipangizo), mawaya ndi ma driver.

Ndiyeze ndi chiyani, ndipo manambalawo ndiwawerenge bwanji?

Mapulogalamu atatu aulere akukwana: HWiNFO64 yoonera masensa onse, GPU-Z ya GPU, ndi MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner Statistics Server, imene imalemba manambala pakona ya sikirini mukusewera. Tsegulani HWiNFO64 mu Sensors-only, isiyeni ikuyenda, sewerani mphindi 20, kenako onani mizere ya Minimum ndi Maximum. Manambala a kompyuta yongokhala sathandiza. Ofunika ndi a nthawi imene vuto likuchitika.

Loyamba kuliona ndi GPU usage. Ikakhala pa 95 mpaka 99 peresenti ndipo clock yake, kutanthauza liwiro lake, ili pamene imakhala masiku onse, GPU ikugwira ntchito mokwanira. FPS ikakhalabe yotsika, ndiye kuti ntchito ndi imene yachuluka: update ya gemu yayatsa ray tracing (kajambulidwe ka kuwala kolemetsa GPU), yazimitsa DLSS kapena FSR (njira zopepukitsa ntchito ya GPU), kapena yakweza resolution. Izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira. GPU usage ikakhala pa 50 kapena 60 FPS ili pansi, GPU ikudikirira wina, ndipo winayo ndi CPU, RAM kapena malire a FPS amene aikidwa penapake.

Nambala ya CPU usage imanamiza. Pa CPU ya ma thread 16 (njira 16 zogwirira ntchito nthawi imodzi), thread imodzi itadzaza kotheratu imangooneka ngati 6 peresenti ya CPU yonse, pamene gemu yatsamwa pa thread yomweyo. Mu Task Manager, imene imatseguka ndi Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Performance, dinani kumanja pa girafu ya CPU, musankhe Logical processors kuti muone thread iliyonse payokha.

Pa kudodoma, yatsani girafu ya frametime. Pa FPS 60 chithunzi chilichonse chimatenga ma millisecond 16.7, pa FPS 144 chimatenga 6.9. Chithunzi chimodzi chikatenga ma millisecond 100 maso anu achiona, koma avareji ya FPS isuntha pang'ono chabe. Mzere wa girafuyo uzikhala wosalala. Minga yotuluka m'mwamba ndiyo kudodomako.

Kutentha kochuluka ndi madigiri angati?

Zimatengera chipangizo. Ma CPU a Intel Core a m'badwo wa 12, 13 ndi 14 amayamba kudzibweza pa madigiri 100. Ryzen 7000 wamba ali ndi malire a 95, Ryzen 7 7800X3D pa 89, Ryzen 7 5800X3D pa 90. Ryzen 7000 anapangidwa kuti azifika dala pa 95 akapatsidwa ntchito yolemetsa ma core onse, choncho 95 mu Cinebench, pulogalamu yoyesera CPU, si chizindikiro cha vuto. Koma 95 mu gemu imene kale inkathera pa 70 ndi nkhani ina.

Ma GPU ambiri a GeForce amayesetsa kusapitirira madigiri 83, ndipo amatsitsa clock kuti akhale pamenepo. Memory ya GDDR6X imadzibweza ikamayandikira 110, ndipo Hot Spot (malo otentha kwambiri pa GPU) ya ma Radeon malire ake ndi 110. Onaninso kusiyana kwa GPU Temperature ndi Hot Spot. Kusiyana kwa madigiri 10 mpaka 20 n'kwabwinobwino. Kukafika 30 kapena kuposa, thermal paste, yomwe imapakidwa pakati pa chipangizo ndi cooler kuti kutentha kudutse, yauma kapena yathawira m'mbali.

Musaweruze ndi kutentha kokha. Mu HWiNFO64 muli mizere ya Thermal Throttling imene imalemba Yes kapena No, ndipo mu GPU-Z, pa makhadi a Nvidia, muli PerfCap Reason: Thrm ndi kutentha, Pwr ndi malire a mphamvu, VRel ndi wabwinobwino. Kutentha kukakwera clock n'kutsika nthawi yomweyo, mwapeza gwero.

Ikutenthadi. Ndichite chiyani?

Yesani chosavuta poyamba: chotsani chitseko cha m'mbali n'kusewera. Kutentha kukatsika ndi madigiri 10 kapena kuposa, vuto ndi kayendedwe ka mpweya m'bokosi, kutanthauza masefa otsekeka ndi fumbi kapena fani yakufa. Kukapanda kusintha, vuto lili pakati pa chipangizo ndi cooler yake.

Yang'anani fani iliyonse ndi maso kompyuta ikugwira ntchito. Mafani a GPU zambiri sazungulira GPU ikakhala pansi pa madigiri 50 kapena 60, ndiye aoneni gemu ikuyenda. Waya wopyapyala wolowa m'mapiko a fani amatha kuyiimitsa osamveka phokoso.

Poyeretsa, zimitsani switch ya kumbuyo kwa PSU (bokosi lopereka magetsi), zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zamkati. Gwiritsani ntchito mpweya wa m'chitini mopemerera pang'onopang'ono, chitini chili chilili, chala chitagwira fani kuti isazungulire. Fumbi loopsa si limene mukuliona pamwamba. Limabisala pakati pa fani ndi timapepala ta chitsulo ta heatsink kapena radiator, pamene limaumbika n'kukhala ngati bulangete. Masulani fani muone kuseri kwake.

Gwedezani cooler pang'ono. Isamasunthe. Ma cooler a Intel okhala ndi timapini ta pulasitiki tinayi amatha kuzuka ngodya imodzi, ndipo ma cooler akuluakulu olemera amakhwefuka bokosi likanyamulidwa. Mukaichotsa, paste yakale musaigwiritsenso ntchito. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi isopropyl alcohol wa 90 peresenti kapena kuposa, ikani dontho limodzi la mamilimita 4 kapena 5 pakati pa CPU, ndipo mangani masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono, kuti cooler itsike mofanana. Chenjezo kwa a ma CPU a AMD a socket ya AM4: paste youma imamata kwambiri, ndipo mukakoka cooler molunjika CPU imazuka nayo limodzi n'kupinda mapini. Yatsani kaye kompyuta kwa mphindi zingapo kuti paste ifewe, kenako potokolani cooler kumanzere ndi kumanja musanainyamule.

Ngati cooler yanu ndi ya madzi, ya AIO, kaikirani pampu poyamba, chifukwa ndi imene imafa mwadzidzidzi. Zizindikiro zake n'zoonekeratu: CPU ikukwera kupyola madigiri 90 ngakhale muli mu BIOS, mafani akulira mwamphamvu, koma radiator ili yozizira, paipi imodzi yotentha pafupi ndi CPU ina yozizira. Pampu yamoyo imanjenjemera pang'ono mukaigwira, ndipo zambiri zimaonetsa RPM 2000 kapena kuposa. Ikaonetsa 0, onani waya wake pa AIO_PUMP kapena CPU_FAN komanso waya wa SATA wopatsa mphamvu. Pampu ikamazungulira koma kutentha osachoka, mkati mwatsekeka kapena madzi achepa. Phokoso la kubwata ndi mpweya umene walowa m'pampu, ndipo zimachitika pampu ikakhala pamwamba kuposa nsonga ya radiator. AIO yotsekeka kapena ya pampu yakufa sikonzedwa, imasinthidwa.

CPU yakakamira pa 0.79 GHz koma sikutentha. N'chiyani?

Pa desktop yongokhala clock yotsika ndi yabwinobwino. Vuto ndi pamene ikukanirira pamenepo ntchito ili mkati. Nthawi zambiri ndi chizindikiro chotchedwa PROCHOT, chimene motherboard imatumiza ku CPU kuilamula kuti itsike. Chimabwera VRM ya motherboard (gawo lopereka magetsi ku CPU) ikatentha, sensa ikawonongeka, kapena kaswitch ka Slow Mode, kamene kamapezeka pa ma motherboard ena a overclocking, kakakankhidwa mwangozi poyeretsa. Onani kutentha kwa VRM mu HWiNFO64, ndipo kankhirani bwino waya wa mapini 8 wa CPU pakona ya m'mwamba ya motherboard. Amene anachotsa cooler ya mpweya n'kuika ya madzi adziwe kuti fani yakale ija inkapemereranso VRM.

Pa Intel, pulogalamu ya ThrottleStop imalola kuzimitsa BD PROCHOT. Liwiro likabwerera nthawi yomweyo, mwatsimikiza kuti lamulolo likuchokera ku motherboard. Kumeneko n'kuyeza chabe, osati kukonza. Ngati VRM ikutenthadi, mwachotsa chitetezo chake.

Mu Windows muli malo awiri oti muone. Mu Power Options, plan isakhale Power saver, ndipo Maximum processor state ikhale 100. Pa 99 ma CPU ambiri amasiya boost. Kenako mu msconfig, pa Boot, Advanced options, mabokosi a Number of processors ndi Maximum memory akhale opanda chizindikiro. Malangizo oti muwachonge kuti kompyuta ithamange ndi abodza: mabokosiwo amachepetsa, sawonjezera.

Sindinalowe mu BIOS. RAM ingadzichepetse yokha liwiro?

Inde. BIOS imabwerera ku zoyambira ikalandira update, kompyuta ikalephera kuyaka kangapo motsatizana, kapena kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kakatha. Chizindikiro cha kabatireko ndi wotchi ndi deti zimene zimasokonekera mukazula magetsi. Kamayenera kupereka ma volt 3.

BIOS ikabwerera ku zoyambira, XMP kapena EXPO, imene imayendetsa RAM pa liwiro lake lonse, imazima. DDR4 ya 3600 imagwa kufika pa 2133 kapena 2400, DDR5 ya 6000 imagwa kufika pa 4800. Magemu odalira CPU, makamaka ampikisano a FPS yokwera, amamva msanga. Onani Speed mu Task Manager pa Memory. CPU-Z imaonetsa theka la nambalayo, choncho 1800 ndiye 3600. Yatsaninso XMP kapena EXPO, ndipo muli momwemo onani Resizable BAR (imene imalola CPU kufikira VRAM yonse nthawi imodzi) ndi ndondomeko ya mafani, chifukwa nazonso zimafufutika. Ma GPU a Intel Arc amafooka kwambiri popanda Resizable BAR. Pa socket ya AM5 ya AMD, kuyatsa koyamba mutasintha za RAM kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda. Motherboard ikuyeza RAM, musaizimitse.

Onaninso kuchuluka kwake. Ngati munaika 32 GB koma pakuoneka 16, kapena Hardware reserved yatenga theka, RAM imodzi sinakhale bwino, ndipo mwataya kukula ndi dual channel yomwe (RAM ziwiri kugwira ntchito nthawi imodzi). Pa motherboard ya mipata inayi, RAM ziwiri zimakhala mu A2 ndi B2, mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku CPU. Zulani, bwezerani mpaka zotsekera zilire. Mukakaikira RAM yeniyeniyo, yendetsani MemTest86 kuchokera pa fulashi maulendo 4. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira kunena kuti pali vuto.

Vuto layamba nditangoyeretsa kapena kusamutsa kompyuta. Ndalakwitsa pati?

Yang'anani kumbuyo kwa bokosi. Chingwe cha HDMI kapena DisplayPort chilowe mu GPU, m'mabowo a m'munsi, osati a motherboard amene ali pafupi ndi ma USB. Chikalowa mu motherboard chithunzi chimabwerabe ngati CPU ili ndi graphics yakeyake, koma magemu ambiri amakwawa.

Chachiwiri ndi mpata wa PCIe, mmene GPU imalowa pa motherboard. Mu GPU-Z muli Bus Interface, imene imalemba zonga PCIe x16 4.0 @ x16 4.0. Kompyuta ikangokhala, nambala yomaliza imatsika kufika 1.1 posunga magetsi, ndiye dinani kachizindikiro ka funso kali pambali kuti GPU ipatsidwe ntchito. Ikaonetsa x1, x2 kapena x4 pa khadi ya x16, khadiyo sinakhale bwino kapena mu mpata muli fumbi. Ichotseni, pemererani, ibwezereni mu mpata wa pamwamba mpaka kotsekera kalire, ndipo ngati ndi yolemera ichirikizeni isalendewere. Dziwani kuti makhadi ena anapangidwa ndi mizere yochepa: RTX 4060 ndi RX 6600 ndi a x8, RX 6500 XT ndi ya x4. Pa ma motherboard ena SSD ya M.2 ikaikidwa mu mpata wina imalanda mizere ya GPU. Buku la motherboard limanena mpata wake. Amene amagwiritsa ntchito riser (chingwe chotalikitsira mpata wa GPU) ya PCIe 3.0 pa GPU ya 4.0 aike Gen 3 mu BIOS, ndipo zimenezi nazonso zimafufutika BIOS ikabwerera ku zoyambira.

Chachitatu ndi mawaya a mphamvu a GPU. Mpata wa PCIe umapereka ma watt 75, pulagi iliyonse ya mapini 8 imapereka 150, ndipo 12VHPWR imafika 600. Pulagi ya 12VHPWR ilowe yonse osasiya kampata. Yolowa theka imatentha mpaka kusungunuka.

Zayamba driver kapena Windows italandira update. Ndibwerere bwanji?

Dikirani kaye pang'ono. Driver yatsopano ya GPU imafufuta ma shader (timapulogalamu tojambulira zithunzi pa GPU) osungidwa, ndiye gemu iliyonse imadodoma poyamba pamene ikuwamanganso. Windows nayo ikangolandira update, TiWorker.exe, SearchIndexer.exe ndi Antimalware Service Executable zimatanganidwa ndi diski ndi CPU kwa kanthawi. Zikapitirira mpaka mawa, chitanipo kanthu.

Pa driver ya GPU, njira yodalirika ndi Display Driver Uninstaller (DDU). Tsitsani kaye driver imene inkayenda bwino kuchokera kwa Nvidia, AMD kapena Intel, zulani intaneti kuti Windows isaike yakeyake, lowani mu Safe Mode, yendetsani DDU ndi Clean and restart, kenako ikani driver ija. Pa Windows, pitani ku Windows Update, Update history, Uninstall updates. Ngati inali update yaikulu yosintha version, batani la Go back mu Recovery limagwira ntchito kwa masiku 10 okha.

Mukafuna kudziwa ngati wolakwa ndi pulogalamu ina, chitani clean boot. Mu msconfig, pa Services, chongani Hide all Microsoft services, dinani Disable all, zimitsaninso zonse za Startup mu Task Manager, kenako Restart. Liwiro likabwerera, yatsani theka la zimene munazimitsa, yesani, gawaninso pakati, mpaka mutsale ndi imodzi. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi mapulogalamu a magetsi a RGB, ma overlay, ojambula gemu kuseri, ndi antivirus yachiwiri imene ikulimbana ndi Defender.

FPS yaima ndendende pa 60 kapena pa 30. Chawonongeka n'chiyani?

Palibe chimene chawonongeka. Chipangizo chofooka sichipereka nambala yosasuntha. Amenewo ndi malire. Update ya driver imatha kubweza sikirini ya 144 Hz pa 60, ndiye onani refresh rate mu Advanced display. V-Sync ikayaka imamanga FPS ku refresh rate, ndipo m'magemu ena imagwetsa FPS kufika 30 GPU ikalephera kusunga 60. Onaninso Max Frame Rate ya Nvidia, Radeon Chill ya AMD ndi Framerate limit ya RivaTuner. Ngati munasintha chingwe kapena bowo: pa 4K, HDMI 1.4 imathera pa 30 Hz, HDMI 2.0 pa 60 Hz.

Diski ili pa 100 peresenti ndipo chilichonse chikuchedwa kutseguka. SSD yafa?

Yang'anani manambala awiri pamodzi mu Task Manager. Active time pa 100 pamene ikuwerenga ma MB mazanamazana pa sekondi ndi diski yotanganidwa, mwina Steam ikuika update. Active time pa 100 pamene ikungoyendetsa MB imodzi kapena ziwiri, Average response time ili pa ma millisecond 1000 kapena kuposa, ndi diski yodwala.

Tsegulani CrystalDiskInfo. Pa HDD ndi SSD za SATA onani mizere ya 05, C5 ndi C6, imene imawerenga malo owonongeka a diski. Manambala amenewa akamakwera, diski ikutha. C7 ikamakwera, wolakwa ndi waya wa SATA, ndipo kumusintha kumathetsa vuto. Pa SSD za NVMe onani Percentage Used, Available Spare ndi Media and Data Integrity Errors. Mu Event Viewer, kaundula wa zochitika za Windows, pa System, zochitika za nambala 7, 129 ndi 153 zimanena za diski imene ikulephera kuyankha. Mukaona Caution kapena Bad, koperani mafailo anu ofunika musanayese china chilichonse, chifukwa mayeso olemetsa amatha kumaliza diski yofooka.

Diski ikakhala yabwino, onani malo otsala. SSD yodzaza kwambiri imachedwa kulemba. Siyani 15 mpaka 20 peresenti yopanda kanthu. Lamulo la fsutil behavior query DisableDeleteNotify likayankha 0, TRIM, imene imathandiza SSD kuyeretsa malo a mafailo ofufutidwa, ikugwira ntchito. NVMe zambiri zimayamba kudzibweza zikapyola madigiri 70, makamaka zokhala kunsi kwa GPU popanda heatsink. Poyerekeza mu CrystalDiskMark: SSD ya SATA imawerenga pafupifupi 550 MB pa sekondi, NVMe yabwino ya PCIe 3.0 pafupifupi 3500, ya PCIe 4.0 mpaka 7000.

Mwina ndi vayirasi?

N'zotheka, makamaka ngati mwangoika gemu yobedwa, cheat kapena mod yochokera kosadziwika. Yofala pa makompyuta a magemu ndi yokumba ndalama za crypto ndi GPU kapena CPU yanu. Zina mwa izo n'zochenjera: zimaima mukatsegula Task Manager n'kuyambanso mukatseka. Ngati mafani akulira kompyuta ili yongokhala koma amatonthola mukangotsegula Task Manager, kaikirani. Siyani HWiNFO64 ikuyenda kwa theka la ola osakhudza kanthu, kenako muone Maximum ya GPU Power. GPU yopuma imadya ma watt ochepa, kawirikawiri osapitirira 30. Yopitirira 100 ikugwirira ntchito munthu wina.

Yendetsani Microsoft Defender Offline scan, imene imafufuza Windows isanadzuke. Onani Exclusions mu Windows Security, chifukwa mapulogalamu oipa amadzilemba m'menemo kuti asafufuzidwe. Autoruns ya Microsoft imaonetsa zonse zoyamba zokha, kuphatikizapo za mu Task Scheduler. Mukapeza kanthu, sinthani mapasiwedi anu pa chipangizo china, ndipo ife tingalangize kuika Windows mwatsopano m'malo mokhulupirira kuti zonse zachoka.

FPS ili bwino koma gemu ikudodoma. Nanga apa?

Yambani ndi VRAM. Mu Task Manager, pa GPU, Dedicated GPU memory ikadzaza Shared GPU memory n'kuyamba kukwera, gemu ikusungira zinthu mu RAM wamba, imene ili kutali ndiponso yochedwa. Makhadi a 8 GB amakumana nazo m'magemu atsopano, ndipo update imodzi ya ma texture ikhoza kukuwolotsani malirewo. Tsitsani Texture quality ndi sitepe imodzi, zimitsani ray tracing. RAM nayo ikadzaza, Windows imatembenukira ku page file, malo a pa diski ogwira ntchito ngati RAM; isiyeni pa System managed, musaizimitse.

Pa ma Ryzen a AM4 okhala ndi BIOS yakale pali kudodoma kwa fTPM (gawo la chitetezo la mu CPU), kumene chithunzi ndi mawu zimadukiza limodzi kwa kamphindi. AMD inavomereza vutoli mu 2022, ndipo linakonzedwa mu BIOS zokhala ndi AGESA 1.2.0.7 kupita m'tsogolo. Ngati kudodoma kumabwera mukamasuntha mausi, tsitsani polling rate (kangati pa sekondi mausi imalankhula ndi kompyuta) kuchoka pa 4000 kapena 8000 kufika pa 1000. Zulaninso zipangizo zonse za USB kupatula kiyibodi ndi mausi, n'kumabwezera chimodzichimodzi. LatencyMon imatchula dzina la driver imene ikutsekereza CPU.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi intaneti?

Lembani ipconfig, mutenge nambala ya Default Gateway, kenako ping nambalayo ndi -t pamapeto. Pa waya yankho lizibwera mu millisecond imodzi kapena ziwiri nthawi zonse. Likamadumphadumpha kapena kusowa, vuto lili pakati pa kompyuta ndi router, ndipo pa Wi-Fi njira yachidule ndi kuyesa waya. Onaninso Link speed: gigabit imafuna timawaya tonse 8 ta m'chingwe, ndipo kamodzi kakaduka liwiro limatha kugwa kuchoka pa 1000 kufika pa 100 Mbps. Resource Monitor, pa Network, imaonetsa pulogalamu imene ikutsitsa zinthu mobisa.

PSU ingachedwetse kompyuta?

Mwa apo ndi apo. PSU yofooka nthawi zambiri imazimitsa kapena kuyambitsanso kompyuta gemu ikalemera, n'kusiya Kernel-Power 41 mu Event Viewer. Mzere wa 12V uzikhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, ngakhale kuti masensa a motherboard amangoyerekeza. Mayeso enieni ndi kuika PSU ina yodziwika kuti ndi yabwino, ndi mawaya akeake. Mawaya a PSU za modular samasinthanitsidwa ngakhale akulowa bwinobwino, chifukwa kayalidwe ka mapini kamasiyana ndipo akhoza kuwotcha diski kapena GPU. PSU musaitsegule; ma capacitor ake amasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa.

Mapulogalamu othamangitsa kompyuta angathandize?

Ayi. Oyeretsa registry, osintha ma driver okha ndi ma game booster sabweza FPS imene yatayika chifukwa cha pampu yakufa kapena XMP yozima, ndipo ena amaika ma driver olakwika. Ngati muli nawo, achotseni, muyesenso.

Ndayesa zonse. Ndiikenso Windows kapena ndigule chipangizo china?

Pali mayeso amodzi amene amalekanitsa ziwirizi. Pezani SSD yopanda kanthu, zulani ma diski ena onse, ikani Windows kuchokera pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa, muike driver ya chipset, ya GPU ndi gemu imodzi basi. Liwiro likabwerera, vuto lili mu Windows yanu yakale, ndipo mukhoza kuifufuta mutakopera mafailo. Likapanda kubwerera, ndi chipangizo kapena BIOS, ndipo Windows yakale ija ikadali yonse pa diski yake.

Zikatero yang'anani WHEA-Logger, imene imalemba zolakwika za zipangizo, mu Event Viewer. Nambala 17 kawirikawiri imaloza ku PCIe, kutanthauza GPU, riser kapena NVMe. 18 ndi 19 zimaloza ku CPU kapena kulumikizana kwake ndi RAM. Chotsani overclock ndi undervolt zonse, muyese ndi RAM imodzi, kenako inayo, kenako GPU yanu mu kompyuta ina kapena GPU ina mu yanu. Amene ali ndi Intel Core ya m'badwo wa 13 kapena 14 imene ikugwetsa magemu aike BIOS yokhala ndi microcode 0x12B kapena yatsopano kuposa iyo. Intel inatulutsa 0x12B mu 2024 ndipo inawonjezera zaka ziwiri pa waranti ya ma CPU okhudzidwa. BIOS yatsopano imateteza CPU imene sinawonongeke, koma yowonongeka kale imafunika kusinthidwa. Musanasinthe BIOS, sungani BitLocker recovery key ngati diski yanu ndi yokhoma, ndipo mukamaliza muyatsenso XMP kapena EXPO.